Nkhokwe ya a Panchuk Dzuwa Litalowa

Wexley, Saskatchewan
2 Novembala 1999

Okondedwa achimwene a Cyril,

Landirani moni wochokera kuno kutali kopanda nyanja. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu a Loretta? Bondo lija lakupatsaniko mpata, kapena mukuyendabe chammbali ngati nkhanu? Nanga amayi, chifuwa chawasiya? Miyezi ino ndi yoipa kwa iwo, musamawalole kukayanika zovala panja m'mamawa, ngakhale akalipe bwanji. Ine kuno ndili bwino ndithu.

Phukusi lanu linafika. Mayi wa ku positi ofesi anandipatsira atatambasula manja, nkhope atayang'anitsa kumbali. Nsomba zamcherezo ndinaphika tsiku lomwelo, ndipo eni nyumba anatsika kuchipinda kwanga kudzafunsa ngati m'khoma mwafera khoswe. Anthu a kuno ndi abwino mtima, koma za nsomba sadziwa kanthu. Ine ndinadya mbale ziwiri misozi ili m'maso, chifukwa fungo limenelo ndi la kukhitchini kwa amayi. Jamu wa alamu ndikumusunga, ndimangopakako Lamlungu.

Vuto langa ndi galimoto basi. Kukangozizira pang'ono imakana kulira, ndipo makaniko akuti ndiigulire batire chisanu chenicheni chisanafike. Ntchito ikuyenda, ndikadali kunyumba yosungirako okalamba ija.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera lero ndi kamera ya malemu bambo. Mukukumbukira kuti amayi anandiikira m'chikwama tsiku limene ndinkanyamuka, fakitale ya nsomba itatsekedwa? Zaka zisanu ndi chimodzi yakhala ili m'dirowa pansi pa masokosi. Mwezi wathawu ndinaitulutsa, ndipo amene anandichititsa ndi gogo wina wa kuntchito kwathu, a Wasyl Panchuk.

A Panchuk ali ndi zaka 86. Zaka 39 za moyo wawo anagwira ntchito pa nkhokwe ya tirigu ya tauni ino, chinyumba chachitali chamatabwa cha m'mbali mwa njanji, chimene chimayamba kuoneka munthu akadali kutali, nyumba zina zonse zisanatulukire. Pakamwa pawo m'poopsa. Chiyambire ntchito sananditchulepo dzina langa, kwa iwo ndine "mwana wa asodzi", ndipo tiyi wanga akuti amakoma ngati madzi otsukira maukonde. Koma ndimawakonda, amandikumbutsa bambo.

Kumayambiriro kwa Okutobala nyuzipepala inalemba kuti kampani yamanga nkhokwe ya simenti kutauni ina, ndipo yathuyi aigwetsa Lolemba pa 18. A Panchuk anawerenga, anapinda nyuzipepalayo bwinobwino, n'kukankha mbale. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya, ankangomwa madzi ndi tiyi pang'ono. Patatha masiku asanu ndi anayi malaya anayamba kuwakulira, ndipo namwino wamkulu anati zikapitirira awatumiza kuchipatala cha mumzinda kuti azikawadyetsera m'kapaipi. Tonse tinkadziwa kuti munthu wofooka choncho akachoka pa bedi lake, kawirikawiri sabwereranso.

Lachisanu lomaliza nkhokwe isanagwetsedwe ndinawapititsira msuzi.

"Bambo, msuzi ukuzizira uwu."

"Uzizire. Kawapatse a kampani, anjala ndi iwowo, akufuna kumeza tauni yonse."

"Ndiye inu mukafa ndi njala, nkhokweyo aisiya?"

"Iwe mwana wa asodzi, pakamwa pako sipatsekeka, ngati pa nsomba."

Kenako anafunsa ngati n'zoona zimene ndinawauza tsiku lina, zoti ndili ndi kamera. Anati akufuna chithunzi chimodzi chokha: nkhokwe pa kulowa kwa dzuwa, kuchokera pamene panali nyumba yawo, kumapeto kwa msewu wa kum'mawa kwa njanji. Nyumbayo inagwetsedwa kalekale, pangotsala mpanda wa zitsamba. Malemu akazi awo, a Lena, akuti ankaima pa zenera la kukhitchini tsiku lililonse, akaona nkhokwe yada bii kumwamba kutafiira ankadziwa kuti mwamuna akutseka zitseko, n'kuika mbatatesi pamoto. A Lena ankawapempha kuti tsiku lina adzaweruke msanga adzaone nawo. Iwo ankayankha kuti alibe nthawi yoonerera malo a ntchito. Ndiye zaka zonsezo, nthawi imeneyo inkawapeza ali m'kati mwa chinyumbacho, ndipo chimene mkazi wawo ankaona sanachionepo. Kuwatengera kumeneko sikukanatheka, chifukwa chiuno chinathyoka chaka chatha ndipo amapumira mpweya wa m'botolo. Zenera la chipinda chawo limayang'ana koimika magalimoto.

Ndinawauza kuti ine sindijambulira munthu wosadya. Tinanenerera ngati pamsika mpaka tinagwirizana masipuni asanu a msuzi m'mawa, asanu madzulo, kufikira chithunzi chitabwera. Anandiyang'ana ngati ndawabera, koma anatsegula pakamwa. Nditatuluka m'chipindamo m'pamene mantha anandigwira, chifukwa ine, achimwene, kamera ndinali ndisanaidinepo chibadwire. Mukudziwa nokha kuti bambo sankalola munthu kuikhudza.

Loweruka m'mawa ndinapita kusitolo ya mankhwala, kumene amagulitsanso mafilimu, pamodzi ndi Glenda Friesen, mnzanga amene amaphika kuntchito kwathu. Mwini sitolo anandiikira filimu ya zithunzi 24 n'kundiphunzitsa mwachidule. Anati ndikasuzumira m'kati ndiona kasingano, ndizipotoza kagudumu ka pamwamba mpaka kasinganoko kaime pakati, ndipo kuwala kukamachepa kamera imachedwa kuphethira, choncho dzanja lisagwedezeke. Glenda anati ndigule mafilimu awiri. Ine ndinamuseka, ndinati bambo athu ndi filimu imodzi anajambula maukwati atatu ndi ubatizo n'kutsalako. Madzulo ake kunagwa mvula, dzuwa silinaoneke n'komwe. Linatsala Lamlungu lokha, tsiku limene masitolo onse amakhala otseka.

Lamlungu kunacha bwino, mitambo ili apo ndi apo. Tinasinthana ntchito ndi anzathu, ndipo cha m'ma 5 koloko Glenda ananditenga pa galimoto yake yapafamu. Pa mpanda wa zitsamba paja tinapeza magalimoto ena khumi ndi awiri atandanda m'mbali mwa msewu, onse atayang'ana kunkhokwe. Anthu anali m'kati, mainjini akulira kuti afunde, aliyense ndi kapu yake ya khofi, osatuluka, osalankhulana. Kuno anthu akamatsanzikana ndi chinthu amatero.

Apa m'pamene kwathu kunandipusitsa. Inu mukudziwa mmene zimakhalira kumudzi: nyumba zonse zinayang'ana kunyanja kum'mawa, phiri lili kumbuyo. Dzuwa likangokhudza nsonga ya phiri amayi amakuwa kuti tikaanule zovala, ndipo usanamalize chingwe chimodzi mthunzi wafika kale, kwazizira, tsiku latha. Ife timadziwa kutuluka kwa dzuwa, kulowa kwake sitikudziwa. Ndipo ndikuvomera mwamanyazi kuti zaka zonsezi kuno sindinaimepo n'kuyang'ana. Ndimalowa ntchito masana n'kuweruka kutada, ndipo tsiku lopuma ndimathera m'chipinda changa chapansi. Ndiye nditaona dzuwa latsala kamtunda kochepa kuti likhudze nthaka, mutu wanga unandiuza kuti ndatsala ndi mphindi zisanu.

Ndinadumpha m'galimoto n'kuyamba kudina. Dzuwa linali likadali loyera mbee, lobaya m'maso, ndipo ndikasuzumira m'kamera ndinkangoona misozi yanga. Kasingano kankalumpha m'mwamba ndi pansi. Ndinkadina, kukoka filimu, kuthamangira uku, kudina, kugwada m'matope, kudinanso. Glenda anatsitsa galasi.

"Verna, ukuthamangira kuti? Sizinayambe."

"Sizinayambe bwanji, dzuwa likupita ili."

"Lisiye lipite. Bwera udzamwe khofi."

"Iwe umadziwa za mapoto, za kamera undisiyire ine."

Ndinayankha choncho, achimwene, ine munthu woti kamera ndaigwira masiku awiri. Glenda anangokweza galasi lake.

Pamene dzuwa linkamira m'munda wa tirigu wokololedwa kale, kanambala ka pa kamera kankaonetsa 22. Kumwamba kunangoti mbuu, nkhokwe inaoneka yotuwa, yokalamba, yosasangalatsa. Mumtima ndinati basi, za a Lena zinali za chikondi chabe, koma ntchito ndagwira. Ndinatseka diso la kamera, ndinakwera m'galimoto n'kumuuza Glenda kuti tizipita. Iye sanagwire n'komwe chiwongolero. Ndinayang'ana magalimoto ena aja, panalibe ngakhale imodzi imene inasuntha.

"Khala pansi, mwana wa kunyanja," anatero Glenda, akundithirira khofi. "Kuno dzuwa likalowa m'pamene zimayamba."

Tinakhala mwina mphindi khumi. Kenako kunsi kwa mtambo umodzi kunayamba kuyaka pang'ono, kofiirira mofewa. Ndisanameze khofi, moto uja unagwira mtambo wachiwiri, wachitatu, n'kufalikira kumwamba konse mpaka kumbuyo kwathu. Kufupi ndi nthaka kunali chikasu, pamwamba pake kofiira psuu ngati jamu wa alamu. Ziputu za tirigu m'minda zinawala, madzi a mvula a m'mbali mwa msewu anafiira, ngakhale nkhope ya Glenda inafiira. Ndipo nkhokwe ija, imene inali yotuwa posachedwapa, inaima yakuda bii pakati pa zonsezo, yaitali kuposa mmene ndinkaidziwira. Pamwamba penipeni pali kazenera kakang'ono, ndipo kuwala kunadutsa kuchokera kuseri n'kukayatsa ngati muli munthu ndi nyali.

Ndinatukwana, achimwene. Musawauze amayi. Ndinali ndatsala ndi zithunzi ziwiri.

Ndinatulukanso. Kasingano kanali katagona pansi penipeni. Ndinapotoza kagudumu mpaka kanatsala pang'ono kufika kumapeto, m'pamene kasingano kanadzuka n'kufika pakati. Zala zinali zitauma ndi chisanu. Ndinadina, ndipo ndinamva ndekha kuti kamera yachedwa kuphethira, manja anga avina nayo. Chinatsala chimodzi.

Chovuta chinali chakuti kumwambako sikunkadikira munthu. Ukaphethira wapeza mtundu wasintha. Ndikati ndidine, kufiira kunkaonjezeka, ndikati ndidikire, ndinkaona kum'mawa kwayamba kale kuda. Ndinkaganiza za gogo uja ndi masipuni ake asanu, ndi makina ogwetsera amene anali ataimikidwa kale kuseri kwa njanji. Ndinakhazika kamera pa boneti ya galimoto kuti isadalire manja anga, koma boneti inkanjenjemera. Ndinamukodola Glenda kuti azimitse injini. Anazimitsa, n'kundiponyera golovesi yake kuti nditsamiritsire kamera. Bambo wa galimoto yoyandikana nafe, mlimi amene sindimudziwa n'komwe dzina, anaona zimenezo n'kuzimitsanso yake. Kenako wotsatira, ndi wotsatiranso, mpaka msewu wonse unangoti zii. Mainjini awowo sankagwedeza kamera yanga, koma anazimitsabe. M'pamene ndinamva atsekwe akulira m'mwamba, akupita kum'mwera.

Ndinawerama, ndinaona kasingano kali pakati, ndinagwira mpweya n'kudina pang'onopang'ono. Sipanathe mphindi ziwiri, kufiira konse kunazilala n'kusanduka kotuwa ngati phulusa. Magalimoto anayamba kulira imodziimodzi n'kumapita. Pobwerera ndinamupepesa Glenda za mapoto zija. Anati ndisadandaule, adzandikumbutsa chaka chilichonse.

Lolemba anaigwetsa. Matabwa ake anali olimba moti makina analimbana nayo kuyambira m'mawa mpaka masana. Itagwa, mawindo a kuntchito kwathu ananjenjemera, ndipo a Panchuk anangotsinzina. Madzulo ake ndinkaopa kulowa ndi msuzi, koma anamwa masipuni awo asanu, akuwerenga okha kuti ndisawaonjezere. Anafunsa ngati ndajambula, ndinati eya. Anafunsa kuti zingati, ndinati 24. Zinazo sindinawauze.

Filimu amakaitsukira kumzinda, ndiye tinadikira masiku asanu ndi anayi. Namwino wamkulu anavomera kuyembekezako poona kuti msuzi ukulowa, koma ankawayeza thupi tsiku lililonse n'kumandiyang'ana. Masiku amenewo chakudya sichinkandikomera. Ndinkangoganiza kuti chithunzi chomaliza chija chikakhala choipa ndikawauza chiyani, poti chojambulanso palibe, pamalopo pangotsala mulu wa matabwa.

Lachitatu lapitali envelopu inafika. Ndinakaitsegulira m'galimoto, chitseko nditatseka. Choyamba chinali choyera mbee. Chachiwiri chimodzimodzi. Zina zinali zakuda ndi kadontho koyera pakati, zina zinali ndi timadontho tobiriwira tosadziwika kochokera, china chinali ndi theka la chala changa. Zonse 22 zinali zotaya. Cha 23 chinali ndi mitundu yonse ija koma yosakanikirana, nkhokwe zikuoneka zitatu. Chomaliza ndinayamba ndachivundikira pa bondo kanthawi ndisanalimbe mtima. Nditachitembenuza, zonse zinalipo, achimwene: kufiira, nkhokwe yakuda, kazenera kowala, ngakhale timizere ta atsekwe pakona. Ndinalira ngati mwana, mpaka mayi wina wodutsa anagogoda pagalasi kufunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro.

Ndinawapatsa chimodzi chokhacho. Anavala magalasi, anachiyandikitsa kumaso, n'kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali moti ndinayamba kukonza mapilo osafunika kukonza.

"Yapendekeka," anatero pomaliza. "Nkhokwe yanga sinapendekekepo. Wapendeketsa ndiwe."

"Pepani bambo, ndinatsamiritsa pa golovesi."

"Ndiye ndi zimenezi ankaona Lena."

Sankafunsa ine. Anaika chala pa kazenera kowala kaja, n'kunena chapansipansi kuti ntchito yawo yomaliza tsiku lililonse inali kukwera kukatseka kazenera kameneko. Ndiye kuti mkazi wawo sankayang'ana kumwamba kokha, ankaona mthunzi wa mwamuna wake ukudutsa pamenepo, zaka zonsezo, osawauza. Ndinanamizira kuti ndikukatenga madzi, ndinakaima panja kwa kanthawi.

Nditabwerera ndinapeza apukuta magalasi, ndipo anafunsa kuti zina 23 zili kuti. Ndinayesa kuzemba koma anakakamira, mpaka ndinaulula zonse, za phiri la kwathu ndi mphindi zanga zisanu. Anaziyang'ana chimodzichimodzi n'kuyamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kapaipi ka mpweya kanachoka pamphuno.

"Iwe unkajambula dzuwa kapena unkamenyana nalo? Nanga ichi n'chiyani, chala? Bambo ako akanakhala moyo akanakulanda."

Kenako anafunsa kuti Glenda waphika chiyani. Linali tsiku la maperogi, chakudya cha makolo awo. Anati ndiwakweze pa njinga yawo ya olumala ndiwapititse kuchipinda chodyera, chifukwa kumeneko kuli alimi okalamba amene ankabweretsa tirigu kunkhokweko ndipo ayenera kuona. Anali asanalowemo milungu itatu. Chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja, anthu akukangana za chaka chimene nkhokweyo inapakidwa penti komaliza, ndipo m'kati mwa mkanganowo a Panchuk anadya maperogi asanu osazindikira. Namwino wamkulu anaima pakhomo, anandiyang'ana, n'kubwerera ku ofesi yake. Chithunzicho chinabwerera chili ndi mafuta m'mbali, ndiye ndatsukitsa zina, chanu ndi cha amayi ndidzatumiza zikafika.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. M'shedi ya bambo, pamwamba pamene ankaika maukonde akale, pali miyendo itatu ija yoimikirapo kamera, yokulungidwa m'saka. Chonde mundifunire, muipukute dzimbiri la mchere, munditumizire pa positi chisanu chisanakule. Golovesi ya Glenda yandikwana.

Ndikuifuna chifukwa dzulo a Panchuk anandipatsa envelopu ya zithunzi ija atalemba kumbuyo kwake ndi inki, manambala ali m'mbali. Akufuna chithunzi cha tchalitchi chawo cha denga lozungulira chipale chofewa choyamba chikagwa. Akufuna manda a a Lena. Akufuna mtsinje mu Epulo, madzi oundana akamasweka. Pansi pa zonse alemba kuti dzuwa litalowa kale, osati lisanalowe, n'kudula mzere kawiri. Chomaliza pa mndandandawo ndi munda wa mwana wa mng'ono wawo, tirigu atacha, mu Ogasiti chaka chamawa.

Ndinawerenga kawiri, kenako ndinati, "Bambo, Ogasiti ndi kutalitu."

"Miyezi ndimadziwa kuwerenga," anatero. "Nanga ndikapita, akuuze ndani kuti wapendeketsa? Kabweretse tiyi wako woipayo, ndi buledi."

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti chimene anandiikira m'chikwama chagwira ntchito. Moni kwa alamu, kwa ana onse ndi zidzukulu, kwa amalume a Eli ndi azakhali a Bride. Ndimakusowani tsiku lililonse. Ambuye akusungeni nonse mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Verna